Lambulani Munda wa Maganizo Anu

Ŵerengani Yeremiya 4:3, 4 ndi Marko 4:1-20.

1, 2. (a) Kodi nchifukwa ninji chigawo china cha Burma Valley chinakhala chosalimidwa kwa zaka zambiri? (b) Kodi panafunika chiyani kuti anthu ayambenso kupondamo?

KUMMWERA chakummaŵa kwa mzinda wa Mutare, m'Zimbabwe, m'tsinde mwa mapiri a Vumba, kuli chigwa chachonde chotchedwa Burma Valley. Mvula imagwa bwino kumeneko, ndipo nthochi zimabereka mikoko yaikulu. Komabe, kwa zaka zoposa 30, m'chigwacho munali chigawo cha nthaka chimene munthu wanzeru sanali kupondamo. M'zaka za m'ma 1970, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, asilikali a boma la Rhodesia anakwirira mabomba m'malire a dzikolo ndi Mozambique. Nkhondoyo inatha mu 1979, ndipo dzikolo linapeza ufulu mu 1980. Asilikali anabwerera kwawo, koma mabomba anatsala m'nthaka.

2 Nthakayo inalibe chifukwa chilichonse. Dzuŵa linali kuiwomba ndipo mvula inali kuinyoŵetsa mofanana ndi minda yoyandikana nayo. Koma m'malo otero mlimi sakanaponyamo khasu, mwana sakanadzeramo popita kusukulu, ndipo ng'ombe yosokereramo inali kuŵerengedwa yotayika. Mu 2013 antchito a gulu la Norwegian People's Aid anayamba kufukula mabombawo, ndipo mu 2015 anamaliza ndi kubwezera malowo kwa eni ake. Ntchito yonseyo anaigwira atagwada, pang'onopang'ono, kufikira nthakayo inakhalanso yoyenera kulimidwa.

3. Kodi Yehova anapatsa anthu a ku Yuda uphungu wotani, ndipo tidzapenda mafunso ati?

3 Maganizo a munthu angafanane ndi chigawo chimenecho. Mkristu angakhale atabatizidwa kalekale ndipo angamafike pamisonkhano mokhazikika, komabe nkumaona kuti sakukula mwauzimu. Popemphera, maganizo ake amayendayenda. Poŵerenga Baibulo, amafika kumapeto kwa tsamba ataiŵala zimene zinali kuchiyambi. Mbewu njabwino, nthakanso njabwino, koma malo oti mbewuyo imerepo atha. Kupyolera mwa mneneri Yeremiya, Yehova anauza anthu a ku Yuda kuti ayambe alima nthaka yawo yogonera asanafese, kuti mbewu isagwere m'ziyangoyango. Vesi lotsatira limasonyeza kuti iye anali kunena za mitima yawo. (Yeremiya 4:3, 4) Chotero aliyense wa ife adzifunse kuti: Kodi nchiyani chimene chakwiririka m'maganizo mwanga? Kodi nchiyani chimene chameramo? Ndipo ndikachichotsa, ndidzabzalapo chiyani?

Ntchito Imene Simathera pa Ubatizo

4, 5. (a) Kodi Paulo anali kulembera yani ponena za kukonzanso maganizo? (b) Kodi nchifukwa ninji zimene timasunga m'maganizo zili nkhani yaikulu?

4 Mtumwi Paulo analimbikitsa Akristu a ku Roma kuti aleke kuumbidwa ndi dziko lowazinga, ndi kuti asandulike mwa kukonzanso maganizo awo. (Aroma 12:2) Kwa Aefeso anayerekezera zimenezi ndi kuvula chovala chakale ndi kuvala chatsopano. (Aefeso 4:22-24) Taonani kuti makalata aŵiriŵa sanalembedwere anthu osakhulupirira. Analembedwera amuna ndi akazi obatizidwa. Ndiponso, m'Chigiriki chimene Paulo analembamo, mawu onena za kusandulika ndi kukonzedwanso ali mumpangidwe wosonyeza ntchito yopitirizabe. Mlimi amene anapalira chaka chatha sanganene kuti chaka chino khasu lipumule.

5 Kodi nkhaniyi njaikulu motani? Buku la Miyambo limati mtima ndiwo chinthu choyenera kutchinjirizidwa koposa zonse, popeza kuti moyo wa munthu umatumphukira mmenemo. (Miyambo 4:23) Yesu anauyerekezera ndi mosungiramo chuma, nasonyeza kuti mawu a munthu amavumbula chimene chadzaza mkati mwake. (Luka 6:45) Mayi amatapa m'nkhokwe zimene banja linatutiramo pamasika. Ngati munaloŵa anankafumbwe, nsima idzauza aliyense. Momwemonso, zimene timalola kukhala m'maganizo mwathu lero ndizo zidzatuluka maŵa polankhula ndi mkazi wathu, polanga ana athu, ndi posankha zochita pamene chiyeso chafika.

Zinthu Zokwiririka Pansi

6, 7. Kodi chakukhosi chimafanana motani ndi bomba lokwiriridwa? Perekani chitsanzo.

6 Choyamba tiyeni tipende zinthu zimene sizioneka pamwamba. Chimodzi cha izo ndicho chakukhosi. Pamene Amnoni anachitira Tamara choipa chachikulu, Abisalomu, mlongo wake wa Tamara, anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Koma iye sanalankhule ndi Amnoni chabwino kapena choipa. Anakwirira mkwiyowo mumtima kwa zaka ziŵiri zathunthu, ndiyeno paphwando la kumeta nkhosa analamula anyamata ake kupha mbale wakeyo. Zitatero anathaŵira ku Gesuri, kumene anakhala zaka zitatu. (2 Samueli 13:20-29, 38) Kwa zaka ziŵiri zija, woona kunja akanati m'nyumba ya Davide muli mtendere. Nchifukwa chake Paulo analangiza kuti mkwiyo uzithetsedwa tsiku lomwelo, usanapatse Mdyerekezi poloŵera.—Aefeso 4:26, 27.

7 Tiyerekezere motere. Mwamuna wina anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito kumigodi ya golidi ya ku Penhalonga, monga momwe anachitira amuna ambiri m'masiku amenewo, ndipo pambuyo pake anakhazikika m'Sakubva, lokeshoni yakale koposa ya Mutare. Atamwalira, ana ake aamuna aŵiri anakangana chifukwa cha nyumba imene anasiya. Mlanduwo unaweruzidwa, ndipo papita zaka 15. Aŵiriwo ali mumpingo umodzi ndipo amapatsana moni pakhomo. Koma wina akamva dzina la mnzake, nkhope imagwa. Ana awo, amene panthaŵi ya mkanganowo anali asanabadwe, aphunzira kuti kwa atate aang'ono sikupitidwa. Bomba silifunsa ngati wolipondayo anamenya nawo nkhondo. Malemba amachenjeza kuti kuŵaŵidwa mtima kwa munthu mmodzi kungaipitse anthu ambiri.—Ahebri 12:15.

8. Kodi Yosefe amatiphunzitsanji ponena za kukhululukira, ndipo kukhululukira sikutanthauza chiyani?

8 Yosefe anachita mosiyana ndi Abisalomu. Abale ake anamgulitsa ali ndi zaka 17, ndipo anafika zaka 30 asanatuluke muukapolo ndi m'ndende. Komabe mwana wake woyamba anamutcha Manase, dzina lonena za kuiŵalitsa, pakuti anati Mulungu anamuiŵalitsa mavuto ake. (Genesis 37:2, 28, 41:46, 51) Kodi zochitikazo zinafafanizika m'mutu mwake? Iyayi, pakuti pambuyo pake anatchula poyera zimene abale akewo anamchitira. (Genesis 45:4, 5, 50:20) Chimene anachotsa ndicho mphamvu yake yophulika. Kukhululukira sikutanthauza kunena kuti choipa chinali chabwino, ndiponso sikutanthauza kubisa upandu, monga kugwirira mkazi kapena kuchitira nkhanza mwana, umene uyenera kudziŵika kwa olamulira. (Aroma 13:3, 4) Kumatanthauza kuleka kusunga mlanduwo monga chida, ndi kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu.—Aroma 12:19.

9. Kodi tingachitenji ndi liwongo la machimo akale?

9 Chinthu china chokwiririka ndicho liwongo. Ngati tchimo silinaululidwe, kuvutika kwa chikumbumtima kuli ndi ntchito yake. Davide anafotokoza mmene kukhala chete kunamfooketsera thupi lonse, ndi mpumulo umene anapeza ataulula. (Salmo 32:3-5) Koma ena analapa kalekale, anawongolera njira yawo, komabe usiku uliwonse amadziimbanso mlandu womwewo. Paulo sanabise kuti anazunzapo mpingo, ngakhale kuvomereza kuphedwa kwa Stefano. (Machitidwe 22:20, 1 Timoteo 1:13-16) Ngakhale ndi tero, anasankha kusayang'ana kumbuyo, nalunjika pa mfupo imene inali kutsogolo. (Afilipi 3:13, 14) Madzi akatayika saoleka. Ngati Yehova walandira nsembe ya Mwana wake kaamba ka tchimo lathu, kodi ife tili ndi chifukwa chonenera kuti nsembeyo njosakwanira?—1 Yohane 1:9, 3:19, 20.

10. Kodi okhulupirira a ku Efeso anachotsa motani mantha a mizimu?

10 Ambiri a ife tinakulira m'mabanja oopa ufiti ndi mizimu ya akufa. Mantha ameneŵa angakhale chete kwa zaka zambiri, nkudzadzuka pamene mwana wadwala kapena malonda aima. Pamenepo wachibale amanong'oneza kuti kuli bwino kukaombeza. Okhulupirira a ku Efeso sanasiye khomo lotero lili lotseguka. Anasonkhanitsa mabuku awo amatsenga naŵatentha pamaso pa onse, ngakhale kuti mtengo wake unali ndalama zasiliva 50,000. (Machitidwe 19:18-20) Ngati ndalama iliyonse inali malipiro a tsiku limodzi, chuma chimenecho chinali cholingana ndi malipiro a munthu mmodzi a zaka zoposa 130! Sanaŵagulitse, ndiponso sanasunge limodzi pansi pa mphasa. Kodi m'nyumba mwathu mukali chithumwa, kapena mumtima mwathu mukali lingaliro lakuti tsiku lina chingadzathandize?—Deuteronomo 18:10-12, Yakobo 4:7.

Zomera Zimene Zimatsamwitsa Mbewu

11. Kodi mtengo wa wattle umatithandiza motani kumvetsa fanizo la Yesu la wofesa mbewu?

11 Si zonse zimene zimalanda malo m'maganizo zili zoipa mwa izo zokha. M'mapiri a kummaŵa kwa Zimbabwe anthu anabzala mtengo wa wattle, wochokera ku Australia, chifukwa chakuti makungwa ake amatulutsa mankhwala ofufutira zikopa. Mtengowo ngwaphindu m'munda wake. Koma unadumpha malire, ndipo m'madera onga Nyanga waloŵerera m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene umaphimba udzu ndi maluŵa a komweko. M'fanizo la wofesa, Yesu ananena za mbewu imene inamera bwino koma nkupanikizidwa ndi minga. Iye anatchula minga ya mitundu itatu: nkhaŵa za moyo uno, chuma chimene chimanyenga, ndi kukhumba zinthu zinazo. (Marko 4:7, 18, 19) Taonani kuti mbewuyo sinafe nthaŵi yomweyo. Inangolephera kubala.

12, 13. (a) Kodi Yesu anali kupeputsa mavuto a osauka pamene analetsa kuda nkhaŵa? (b) Kodi ndi funso liti limene lingatithandize kusiyanitsa kukonzekera ndi nkhaŵa?

12 Munga woyamba ndiwo nkhaŵa. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu kwambiri kotero kuti mitengo ya zinthu inali kusintha tsiku lisanathe, ndipo mu January 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola 100,000,000,000,000. Amene anaima pamizere ya kubanki ndi ya ufa m'masiku amenewo sangaseke munthu wodera nkhaŵa chakudya. Oŵerenga a ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mozambique nawonso amadziŵa chaka cha chilala ndi mtengo wa feteleza. Yesu sanali kupeputsa zimenezi. Ambiri mwa omvetsera ake anali aganyu olipidwa madzulo alionse. Komabe anaŵafunsa ngati kuda nkhaŵa kunatalikitsapo moyo wa munthu ngakhale pang'ono, ndipo anaŵalangiza kusasenza lero katundu wa maŵa.—Mateyu 6:25-34.

13 Kukonzekera nkosiyana ndi nkhaŵa. Malemba amayamikira munthu wakhama amene amalinganiza zinthu pasadakhale. (Miyambo 21:5) Kukonzekera kumathera pa chochita, pamene nkhaŵa imazungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yapachingwe. Chotero lingaliro likabwera kachitatu usiku umodzi, dzifunseni kuti: Kodi pali chimene ndingachitepo? Ngati chilipo, sankhani tsiku ndi ola loti muchichite. Ngati palibe, chitchuleni ndi dzina m'pemphero ndi kuchisiya kwa Yehova, amene amasamala za inu. (Afilipi 4:6, 7, 1 Petro 5:7) Kumbukiraninso Marita. Iye anatanganidwa ndi ntchito yabwino, yophikira Mbuye mwiniyo. Koma mbale zinachuluka kufikira anasoŵa mpata womvetsera Mlendo amene anali kumphikira.—Luka 10:38-42.

14. Kodi chuma chinganyenge motani ngakhale munthu amene alibe?

14 Munga wachiŵiri ndiwo chuma. Mu 2006 mbiri inawanda yakuti ku Chiadzwa, m'dera la Marange, kummwera chakumadzulo kwa Mutare, kwapezeka miyala ya dayamondi yosafuna kukumba mozama. Anthu zikwi zambiri anakhamukirako. Ena anasiya ntchito, ndipo ana ena anasiya sukulu. Ambiri anapita chifukwa cha umphaŵi weniweni, ndipo si kwa ife kuŵaweruza. Chakumapeto kwa 2008 okumbawo anachotsedwako mwamphamvu, ndipo ena sanabwerere kwawo amoyo. Chuma chimayamba kudzaza mutu chisanafike m'manja. Nchifukwa chake chenjezo la Paulo likulunjika kwa ofunitsitsa kulemera, kaya ali nazo kale kapena alibe. (1 Timoteo 6:9, 10) Baruki, mlembi wa Yeremiya, anayamba kudzifunira zinthu zazikulu kutatsala zaka pafupifupi 18 kuti Yerusalemu awonongedwe. Yehova anamuuza kuti aleke, namlonjeza chinthu chimodzi chokha, moyo wake.—Yeremiya 45:1-5.

15. Kodi tingaphunzirenji kwa anthu a ku Atene?

15 Munga wachitatu ndiwo kukhumba zinthu zinazo, zimene zambiri si machimo konse. Kale, munthu akachoka pamsika wa Sakubva, phokoso la mabasi ndi la ogulitsa linali kutsala komweko. Lerolino foni ya m'manja imaloŵetsa msika wonse m'chipinda chogona. Mauthenga a pa WhatsApp, zithunzi za pa Facebook, zigoli za mpira ndi mphekesera zimafika usana ndi usiku. Luka analemba kuti anthu a ku Atene anali kutha nthaŵi yawo yopuma akusimba ndi kumvetsera zatsopano. Pamene Paulo anaŵauza za chiukiriro, ena anaseka ndipo ena anati adzamvanso tsiku lina. (Machitidwe 17:21, 32) Uthenga wopatsa moyo unangokhala nkhani imodzi pakati pa nkhani zambiri. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chinthu chingakhale chololeka koma chosapindulitsa, ndipo Mkristu salola kanthu kalikonse kumlamulira.—1 Akorinto 6:12.

Mmene Ntchitoyo Imagwiridwira

16, 17. (a) Fotokozani mmene wofukula mabomba amagwirira ntchito. (b) Kodi tingatsanzire motani njira imeneyo?

16 Kodi tingayambire pati? Talingalirani mmene wofukula mabomba amagwirira ntchito. Amavala zotetezera nkhope ndi chifuŵa, nagwada pansi. Amatsata kanjira ka mita imodzi m'lifupi. Choyamba amadula udzu mosamala, ndiyeno amayendetsa chipangizo chimene chimalira chikayandikira chitsulo. Chikalira, iye sakumba pamwamba penipeni. Amayambira chapambali, akumachotsa dothi pang'onopang'ono. Kaŵirikaŵiri amapeza kuti chinali chidutswa cha waya kapena msomali chabe, komabe kulira kulikonse amakufufuza. Akamaliza chigawo, amazika timitengo topaka utoto tosonyeza pamene pali pabwino kuponda. Iye sathamanga, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

17 Ifenso tiyambe titagwada. Davide anapempha Mulungu kuti amfufuze ndi kumsonyeza njira iliyonse yoipa imene inali mwa iye. (Salmo 139:23, 24) Chipangizo chathu ndicho Mawu a Mulungu, amene amafika pamene maso athu safika ndi kuvumbula zolinga za mtima. (Ahebri 4:12) Poŵerenga, vesi lina likakulasani, musalipitirire. Imani pomwepo ndi kufufuza chifukwa chake. Musayese kulambula munda wonse tsiku limodzi. Ena apeza kuti nkothandiza kulemba papepala zonse zimene zikuŵavuta, ndi kutenga chimodzi panthaŵi imodzi. Zambiri mudzapeza kuti zinali misomali chabe. Koma ngati mwapeza chakukhosi chenicheni, pitani kwa mbale wanuyo muli aŵiri, mofatsa, ndi cholinga chakuti mumbweze. (Mateyu 5:23, 24, 18:15) Nkhaniyo ikatha, zikanipo kamtengo, ndipo musadzakumbeponso.—Miyambo 17:9.

18. Kodi ndi liti pamene tiyenera kupempha chithandizo, ndipo kwa yani?

18 Wofukula mabomba sagwira ntchito yekha. Pafupi pamakhala woyang'anira ndi wodziŵa zachipatala. Mutu umodzi susenza denga. Akulu a mpingo ndi mabwenzi okhwima mwauzimu angamvetsere ndi kupemphera nafe. (Miyambo 17:17, Yakobo 5:14-16) Olankhula Chishona amatcha kuvutika maganizo kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench, mmene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala kumvetsera ovutika motero. Ambiri apepukidwa mwa kungopeza woŵamvetsera ndi kuŵathandiza kupenda vuto limodzi panthaŵi imodzi. Ngati kwa milungu ingapo tulo sitikubwera, chakudya sichikuloŵa, kapena mukuganiza zodzipha, uzani munthu wina lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Kutero sikusoŵa chikhulupiriro. Pamene Eliya anapempha kufa, Yehova anayamba wampatsa chakudya ndi tulo.—1 Mafumu 19:4-8, Luka 5:31.

Musausiye Wopanda Mbewu

19. Kodi nchifukwa ninji kungochotsa zoipa sikokwanira?

19 Anthu ena amaphunzitsa kuti mtendere umapezeka mwa kuchotsa lingaliro lililonse kufikira m'mutu mutatsala mopanda kanthu. Baibulo siliphunzitsa zimenezo. Yesu anasimba za mzimu wonyansa umene unatuluka mwa munthu, ndipo pobwerera unapeza nyumbayo ili yosesa ndi yokonzedwa bwino, koma yopanda wokhalamo. Unakatenga mizimu ina isanu ndi iŵiri yoipa koposa, ndipo mapeto a munthuyo anaipa kuposa chiyambi. (Mateyu 12:43-45) Olimbana ndi wattle amadziŵa zofananazo. Njere zake zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka makumi ambiri, ndipo moto umazidzutsa. Munthu akadula mitengoyo, natentha, nachoka, mvula ikagwa amapeza timitengo tambirimbiri pamene panali mtengo umodzi. Malo olambulidwa amafuna kubzalidwa ndi kuyenderedwa kaŵirikaŵiri.

20, 21. (a) Kodi Paulo anasonyeza motani kuti choipa chiyenera kuloŵedwa m'malo ndi chabwino? (b) Kodi banja lingachitenji mlungu uno?

20 Taonani mmene Paulo amaperekera uphungu wake. Wonama akuuzidwa kuyamba kunena zoona. Wakuba akuuzidwa kugwira ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chogaŵira osoŵa. Wa mawu ovunda akuuzidwa kulankhula zomangirira, ndipo woŵaŵidwa mtima akuuzidwa kukhala wokoma mtima ndi wokhululukira. (Aefeso 4:25-32) Paliponse pamene wazula, pomwepo wabzala. Kwa Afilipi anandandalika mitundu isanu ndi itatu ya zinthu zoyenera kuzilingalira mosalekeza, kuyambira pa zoona kufikira pa zotamandika. (Afilipi 4:8) Kusinkhasinkha kwa m'Malemba ndiko kumeneku: kutenga chimene Mulungu wanena ndi kuchibwereza mumtima kufikira chitazika mizu, monga mtengo wa m'mbali mwa mtsinje umene suopa chilimwe.—Salmo 1:2, 3.

21 Kodi zimenezi zingachitike motani m'nyumba ya chipinda chimodzi, yodzaza ana ndi alendo? Yesu nayenso anali kupanikizidwa ndi makamu, kotero kuti nthaŵi zina iye ndi ophunzira ake anasoŵa mpata wakudya. Iye anali kulaŵira mbandakucha kupita kwayekha kukapemphera. (Marko 1:35, 6:31) Mwinamwake inu mungapatule mphindi 15 mmamaŵa, foni isanatsegulidwe, kuŵerenga chaputala chimodzi ndi kusankhapo vesi loti muyende nalo tsikulo. Banja lingagwirizane kuti panthaŵi ya chakudya chamadzulo mafoni ndi wailesi zizikhala chete. Munthu amene munali kumsungira chakukhosi mungayambe kumtchula m'pemphero, mukumampemphera zabwino. (Mateyu 5:44) Ola limene linali kuthera pa mphekesera lingathere pa kuchezera wodwala kapena kuuza mnansi uthenga wabwino. Zimenezi nzazing'ono, koma munda umadzala ndi phando limodzilimodzi.

22. Kodi tingayembekezere zotulukapo zotani tsopano ndi mtsogolo?

22 Mu September 2015, dziko la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziŵika okhala ndi mabomba okwirira m'dzikomo anali atalambulidwa, pambuyo pa ntchito ya zaka zoposa 20. Amene anaigwira sanali kuŵerengera chipambano chawo pa mabomba ofukulidwa okha, komanso pa minda yolimidwanso ndi njira zimene ana akuyendamo. Ndi mmenenso Yehova amapimira ntchito yathu. M'fanizo la Yesu, nthaka yabwino inadziŵika ndi zipatso zake, ina 30, ina 60, ina 100. (Marko 4:20) Zokolola zimasiyana, koma yonse inatchedwa yabwino. Mulungu walonjeza nthaŵi pamene zoŵaŵa zakale sizidzavutanso mtima wa munthu aliyense. (Yesaya 65:17, Chivumbulutso 21:4) Podikira tsikulo, tiyeni tigwade, titenge kanjira kamene kali patsogolo pathu, ndi kulambula mita ya lero. Mzimu wake udzameretsa chikondi, chimwemwe ndi mtendere pamalo pamene kale panali poopsa kuponda.—Agalatiya 5:22, 23.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene zingakwiririke m'maganizo mwathu, ndipo chilichonse chingachotsedwe motani?

□ Kodi ndi minga iti imene Yesu anati imalepheretsa mbewu kubala?

□ Kodi tikuphunziranji pa kagwiridwe ka ntchito ka wofukula mabomba?

□ Kodi nchifukwa ninji maganizo olambulidwa sayenera kusiyidwa opanda kanthu?